Mmene mungasankhire nyenyezi, ma quasar ndi milalang'amba yachilendo yoti muiloze telesikopu

Ophunzira ambiri a sayansi ya zakuthambo amapunthwa pa chitsa chimodzimodzi. Atsegula deta, asanja zinthu potengera mtundu wa kuwala, atola zonse zimene zapatuka pagulu, n'kulemba mndandanda wautali mtima uli dyokodyoko. Akafika nawo kwa mphunzitsi, kapena choipa kwambiri, akapatsidwa usiku wa telesikopu, zimadziwika kuti nyenyezi yodabwitsa ija chinali cheza cha nyenyezi yowala yoyandikana nayo. Ina unali mwala wongodutsa. Ina chinali chibenthu cha mlalang'amba waukulu chimene kompyuta inachidula molakwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gwero la vutoli ndi lakuti cholakwika cha pa chithunzi ndi chinthu chachilendodi zimakhala malo amodzi, kunja kwa gulu, ndipo zolakwikazo ndi zimene zimachuluka. Ntchito yanu tsono ndi yopeta, ndipo mankhusu ndi ambiri kuposa maso a chimanga.

Kusankhaku kumafunika chifukwa kamera imajambula zinthu mamiliyoni mazanamazana, pomwe zopimidwa bwinobwino ndi zochepa. Kupimako ndi kutenga spectrum, kumwaza kuwala kwa chinthu chimodzi ngati utawaleza kuti muone mizere imene imaulula chimene chili, zimene chinapangidwa nazo ndi kutalika kwake. Malangizowa ndawamanga pa Sloan Digital Sky Survey, imene ambiri amangoti SDSS, chifukwa deta yake ndi yaulere ndipo malamulo ake osankhira anawalemba poyera. Telesikopu yake ya mamita 2.5 ili ku Apache Point, m'chigawo cha New Mexico ku America. Pa zaka zake zoyamba ankaboola mbale ya aluminiyamu mabowo 640, anthu n'kumalowetsa faiba, kachingwe kotenga kuwala kwa chinthu chimodzi, pamanja m'bowo lililonse. Bowo limene mwalipereka ku chinthu chabodza mwalanda chenicheni.

## Zofunika musanayambe

- Kompyuta ndi intaneti. Siyofunika yamphamvu, pakuti ntchito yolemera imachitikira pa makompyuta a SDSS. Inu muzitsitsa zotsatira zokha, bandulo isathere pachabe.
- Akaunti yaulere ya CasJobs, tsamba lofunsira deta ya SDSS, ndi tsamba la SkyServer loonera zithunzi.
- SQL pang'ono, chinenero chofunsira deta m'matebulo. Mukadziwa SELECT, FROM ndi WHERE mwayamba kale.
- TOPCAT, pulogalamu yaulere imene analemba Mark Taylor wa ku Bristol. Imajambula matchati ndi kulumikiza matebulo.
- SIMBAD ndi Aladin za ku Strasbourg, komanso NED, zofufuzira ngati chinthu chinadziwika kale.
- Matebulo atatu othandizira: Gaia DR3, AllWISE ndi FIRST.
- Tsamba la zithunzi la Legacy Surveys, limene zithunzi zake zimafika pa zinthu zofooka kuposa za SDSS.
- Kope ndi cholembera. Musachipeputse chimenechi.

## Sitepe 1: Lembani chimene mukufuna m'chiganizo chimodzi

"Ndikufuna zachilendo" si cholinga. "Ndikufuna ma quasar a redshift yoposa 4 owala kuposa magnitude 20" ndicho cholinga, chifukwa chikukuuzani sefa yoti muyang'anemo, malire oti mudule, ndi adani amene mudzalimbane nawo. Quasar ndi pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wakutali, pomwe black hole yaikulu ikumeza mpweya, ndipo redshift ndi muyeso wa mmene kuwala kwa chinthu kwasunthira kofiira: ikakula, chinthucho chili kutali. Mtundu uliwonse wa chinthu uli ndi wofanana nawo amene amauphimba. Lembaninso dzina la wofanana nayeyo pansi pa cholinga chanu.

Kumbukirani kuti magnitude, muyeso wa kuwala kwa chinthu, imayenda chobwerera: nambala ikakula, chinthu chafooka. Kusiyana kwa 5 ndiye kuti kuwala kwasiyana maulendo 100. Diso la munthu limalekeza cha pa 6, pomwe quasar yotchedwa 3C 273, imene Maarten Schmidt anaizindikira mu 1963, ili cha pa 13, ndipo zithunzi za SDSS zimafika cha pa 22.

## Sitepe 2: Sankhani dera la thambo

Yambirani ku telesikopu imene mudzagwiritse ntchito, osati ku deta. Dera lalikulu la SDSS lili kumpoto kwa thambo. Ngati ndinu wophunzira wochokera ku Malawi kapena ku Zambia amene muli pa yunivesite ya ku South Africa ndipo maso anu ali pa SALT ya ku Sutherland, dziwani kuti telesikopu imeneyi imalekeza cha pa declination (madigiri ochokera pa equator ya thambo) +10 kumpoto ndi cha pa −75 kumwera. Chinthu cha pa +45, kaya chikongole bwanji, sichidzaoneka kumeneko.

Poyambira pabwino ndi Stripe 82, kamzere kotsata equator ya thambo, kuchokera pa RA (malo a chinthu motsata equator imeneyi, oyezedwa m'maola) 20h kudutsa pa 0h mpaka 4h, ndi declination ya pakati pa −1.25 ndi +1.25. Kamaoneka kumpoto ndi kumwera komwe, ndipo SDSS inakajambula mobwerezabwereza, moti mukhoza kuona ngati chinthu chikusintha kuwala.

Chenjezo: talikirani mkanda woyera wa mlalang'amba wathu. Kumeneko nyenyezi zimathinana, fumbi n'lochuluka, ndipo mitundu imasokonekera. Woyamba kumene asankhe dera lotalikira ndi madigiri 30 kapena kuposerapo.

## Sitepe 3: Tulutsani deta yoyera

Apa ndi pamene mndandanda umachira kapena kufa. Nachi chitsanzo chotulutsa zinthu zooneka ngati kadontho m'kachigawo ka Stripe 82:

SELECT objID, ra, dec,
psfMag_u - extinction_u AS u,
psfMag_g - extinction_g AS g,
psfMag_r - extinction_r AS r,
psfMag_i - extinction_i AS i,
psfMag_z - extinction_z AS z,
psfMagErr_u, psfMagErr_g, psfMagErr_r, psfMagErr_i, psfMagErr_z
FROM PhotoPrimary
WHERE type = 6 AND clean = 1
AND psfMag_i BETWEEN 15 AND 19.1
AND ra BETWEEN 10 AND 20
AND dec BETWEEN -1.25 AND 1.25

Liwu lililonse pamenepa lili ndi ntchito. PhotoPrimary imakupatsani chinthu chilichonse kamodzi, pakuti m'malire a zithunzi chinthu chimodzi chimajambulidwa kawiri. Pa type, 6 ndi kadontho ndipo 3 ndi chotambasuka ngati mlalang'amba. Pomwe clean = 1 imataya zambiri mwa zimene kompyuta yomweyo inaziika chizindikiro chokayikitsa, monga za m'mphepete mwa chithunzi ndi zowala mopitirira mpaka kudzaza kamera. Malire a 15 ndi 19.1 ndi amene SDSS inkagwiritsa ntchito posankha ma quasar apafupi. Nambala ya ra ili m'madigiri, ndipo ola limodzi ndi madigiri 15.

Deta ikafika, isanjeni kuyambira nambala yaing'ono. Mukaona −9999, kumeneko sikuwala koopsa ayi, ndi chizindikiro chakuti muyeso unalephereka. Tayani mizere imeneyo musanajambule tchati.

Kenako onani madanga a Err, amene amanena kukayikitsa kwa muyeso. Chinthu chofiira chimene sichinaoneke n'komwe mu sefa ya u (umodzi mwa masefa asanu a kuwala ofotokozedwa pa sitepe 5) chimapatsidwabe nambala, monga 24, koma kukayikitsa kwake kumakhala kwakukulu. Mukasaka zinthu za buluu, sungani zokhazo zimene Err yake mu u ndi mu g ili pansi pa 0.1.

Chenjezo: lamulo limeneli limatembenuka mukasaka ma quasar akutali. Kwa iwo, kusaoneka mu u kapena mu g ndiko chizindikiro chenicheni. Mukataya zonse za Err yaikulu m'masefa amenewo, mwataya ndi zimene mumafuna zomwe. Ikani malire a Err pa masefa okhawo amene chinthucho chiyenera kuonekamo.

## Sitepe 4: Chotsani fumbi, ndipo musasakanize miyeso

Fumbi la mlalang'amba wathu limafiiritsa kuwala kochokera kuseri kwake, monga utsi wa lupsa umafiiritsira dzuwa mwezi wa Okutobala. Madanga a extinction achokera pa mapu a fumbi amene Schlegel, Finkbeiner ndi Davis anatulutsa mu 1998, ndipo chitsanzo cha pamwambachi chawachotsa kale. Muyesowo ndi wa fumbi lonse la mbali imeneyo. Kwa quasar kapena mlalang'amba ndi wolondola. Kwa nyenyezi yapafupi, imene ili kuno kwa fumbilo, umachotsa mopitirira ndipo nyenyeziyo imaoneka ya buluu kuposa mmene ilili.

Pa kadontho gwiritsani psfMag. Pa mitundu ya mlalang'amba gwiritsani modelMag. Madanga oyamba ndi dered ndi modelMag yochotsedwa fumbi, si psfMag ayi. Mukatenga u kuno, g uko, mudzapanga zachilendo zanuzanu zimene kuthambo kulibe.

## Sitepe 5: Dziwani zawamba musanasake zachilendo

SDSS ili ndi masefa asanu, u, g, r, i ndi z, kuyambira ku kuwala kopitirira buluu, cha pa ma nanometer 355, kudzera 470, 620 ndi 750, mpaka kopitirira kufiira, cha pa 890. Chimene akatswiri amachitcha mtundu ndi kusiyana kwa masefa awiri, monga u−g. Nambalayo ikachepa, chinthu chapendekera ku buluu. Ikakula, chapendekera kofiira.

Tsegulani TOPCAT, ikani u−g chopingasa ndi g−r chokwera. Mudzaona madontho ambirimbiri atandanda mzere umodzi wothinana ngati linthumbu pa ulendo. Mzerewu amautcha stellar locus, ndipo ndi wa nyenyezi wamba. Umayambira cha pa u−g ya 0.9 ndi g−r ya 0.3, pomwe pali nyenyezi zotentha pang'ono kuposa dzuwa, n'kukwera mpaka cha pa u−g ya 2.5 ndi g−r ya 1.4. Jambulaninso g−r ndi r−i. Apa mzere uja umapinda chigongono: nyenyezi zozizira za mtundu wa M zikafika pa g−r ya 1.4 zimaima, r−i yokha n'kumakwera. Tchati chachitatu ndi r−i ndi i−z.

Khalani pa matchati atatuwa nthawi, ngakhale tsiku lathunthu. Dinani dontho la pakati pa mzere, muone chithunzi chake. Dinani la kumchira. Dinani la m'kagulu kamene kali kumanzere, kopatukana ndi mzere. Kenako tulutsani mu tebulo la SpecObj zinthu za dera lomwelo zimene zinapimidwa kale, muzipake mitundu: STAR, QSO ndi GALAXY. Mudzaona ndi maso anu pomwe gulu lililonse limakhala. Ine ndimaona kuti sitepe imeneyi ndi imene imasiyanitsa wosankha bwino ndi wongotola, chifukwa mlendo amadziwika ndi munthu amene amadziwa eni mudzi onse.

## Sitepe 6: Dulani malire

Ma quasar apafupi. A redshift yosapitirira 2.2 amawala kwambiri mu u, moti amakhala kumanzere kwa mzere, pa u−g yochepera 0.6. Amene amawaphimba ndi nyenyezi za white dwarf, zotsalira zazing'ono za nyenyezi zakufa, zimenenso ndi za buluu. Zambiri mwa izo zili pansi pang'ono pa tchati, pomwe g−r ndi yochepera ziro, koma magulu awiriwa amalowana.

Ma quasar a redshift ya cha pa 2.7. Awa ndi ovuta. Mitundu yawo imadutsa pomwe pali nyenyezi za mtundu wa A ndi F, moti pa tchati simungawalekanitse. Musataye nthawi kusunthasuntha malire. Dalirani umboni wina: kusinthasintha kwa kuwala, mafunde a wailesi, kapena WISE (onani sitepe 7).

Ma quasar akutali. Mpweya wa hydrogen umene uli m'njira umameza kuwala kwa mbali ya buluu ya mzere wa Lyman-alpha, umene umachoka pa ma nanometer 121.6. Chulukitsani nambalayi ndi 1 kuphatikiza redshift kuti mudziwe pomwe mzerewo wafika. Pa redshift 3 uli pa 486, ndipo chinthucho chimazimirira mu u. Pa redshift 6 uli pa 851, ndipo chimaoneka mu z mokha. Umu ndi mmene Xiaohui Fan ndi anzake anapezera SDSS J1030+0524, ya redshift 6.28, imene anailengeza mu 2001. Ankasaka za i−z yoposa 2.2. Koma zambiri zooneka mu sefa imodzi yokha ndi tizidontho ta cosmic ray, tinthu tothamanga timene timamenya kamera, ndipo zina ndi nyenyezi zozizira za brown dwarf za mtundu wa L ndi T. Ankajambulanso chinthu chilichonse, n'kuchiyeza mu sefa ya J, imene ili kopitirira z, asanachipatse nthawi ya spectrum. Inunso musalumphe zimenezi.

Nyenyezi zachilendo. Za blue horizontal branch, nyenyezi zakale zowala za buluu, zili cha pa u−g ya pakati pa 0.8 ndi 1.5, g−r ili pansi pa ziro. Posaka zamtunduwu m'deta ya SDSS, Warren Brown ndi anzake anapeza mu 2005 nyenyezi imene ikuthawa mlalang'amba wathu pa liwiro loposa makilomita 700 pa sekondi. Nyenyezi za carbon zimapatuka pa tchati cha g−r ndi r−i. Chinthu cha buluu mu u−g koma chofiira mu i−z kawirikawiri ndi nyenyezi ziwiri zoyendera limodzi, white dwarf ndi ina ya mtundu wa M.

Milalang'amba. Sinthani type kukhala 3. SDSS inkafuna spectrum ya mlalang'amba uliwonse wowala kuposa r ya 17.77, choncho yowala yambiri inapimidwa kale, ndipo mwayi wanu uli pa yofooka kuposa pamenepo. Chizindikiro chimodzi chodalirika ndi sefa imodzi yowala kuposa oyandikana nayo onse awiri. Timilalang'amba timene anthu ongodzipereka a Galaxy Zoo anatitcha Green Peas tili choncho: mzere wamphamvu wa oxygen wa pa ma nanometer 500.7 umagwera mu r pa redshift ya pakati pa 0.11 ndi 0.36, ndipo pa zithunzi za SDSS timaoneka tobiriwira ngati nsawawa.

Chenjezo: poyeza kupatuka, musangoona mtunda wa pa tchati. Gawani mtundawo ndi kukayikitsa kwa muyeso. Chinthu chowala chopatuka ndi 0.3 pomwe Err ndi 0.02 ndi chachilendo kuposa chofooka chopatuka ndi 1 pomwe Err ndi 0.5.

## Sitepe 7: Funsani mboni zina

Lumikizani tebulo lanu ndi ena mu TOPCAT.

Gaia DR3, imene inatuluka mu 2022 ndi zinthu pafupifupi 1.8 biliyoni, imanena ngati chinthu chikuyenda. Quasar ili kutali kwambiri moti siisuntha. Ngati parallax kapena proper motion (miyeso ya kusuntha kwake pathambo) yaposa kukayikitsa kwake kasanu, imeneyo ndi nyenyezi ya mumlalang'amba wathu. Ma white dwarf ambiri amagwidwa pamenepa. Koma zofooka kwambiri, zopitirira cha pa magnitude 21, Gaia siizifika, choncho kusapezeka mu Gaia si umboni wa chilichonse.

WISE imaona kuwala kwa kutentha. Fumbi lotentha lozungulira black hole ya quasar limachititsa W1−W2, kusiyana kwa masefa awiri a WISE, kukhala 0.8 kapena kuposa, pomwe nyenyezi wamba zili pafupi ndi ziro. FIRST ndi ya mafunde a wailesi a masentimita 20. Kadontho kamene kali ndi mnzake mu FIRST mosapitirira ma arcsecond 2 (arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3600 a digiri) n'koyenera kukaganizira ngakhale mtundu wake ukhale wawamba.

Chenjezo: malo a Gaia DR3 ndi a chaka cha 2016, pomwe zithunzi za SDSS zinajambulidwa pakati pa 1998 ndi 2009. Nyenyezi yothamanga inasuntha m'zaka zimenezo, ndipo mukalumikiza ndi arcsecond 1 yokha idzaoneka ngati ilibe mnzake. WISE nayo imaona mwachimbuuzi, cha pa ma arcsecond 6, moti kuwala kwa chinthu choyandikana kumalowerera. Ma magnitude ake ndi a muyeso wa Vega pomwe a SDSS ndi a muyeso wina wotchedwa AB. Osachotserana mwachindunji musanasinthe.

## Sitepe 8: Yang'anani chithunzi cha chinthu chilichonse

Chilichonse, osati zingapo zoyimira zinzake. SkyServer ili ndi tsamba la Image List pomwe mumaika mndandanda wa malo n'kuona tizithunzi tambiri nthawi imodzi. Ngati mndandanda watalika moti simungathe kuuona wonse, ndiye kuti malire anu ndi otayirira. Bwererani ku sitepe 6.

Maso anu asake izi. Choyamba, timadontho tandandalika, kobiriwira ndi kofiira moyandikana, ka buluu patali pang'ono. Umenewo ndi asteroid. Kamera ya SDSS inkajambula thambo likudutsa, ndipo chinthu chinkadutsa masefa motsatizana, r, i, u, z, g, motalikirana masekondi pafupifupi 72. Kuchokera pa r kufika pa g pankadutsa mphindi ngati zisanu, zokwanira kuti mwalawo usunthe. Chizindikiro cha DEBLENDED_AS_MOVING chimagwira ina, koma osati yonse. Ulendo wanga woyamba ndinasunga kadontho ka buluu kowala bwino masiku angapo pamwamba pa mndandanda, mpaka nditatsegula chithunzi n'kupeza anzake awiri ali pambali pake, wobiriwira ndi wofiira. Pa chithunzi cha Legacy Surveys, chojambulidwa zaka zina, pamalopo panalibe kanthu.

Chachiwiri, mizere yowongoka yotuluka m'nyenyezi yowala ngati mtanda, ndi mkombero wa cheza chake. Chilichonse chokhala pamenepo muyeso wake ndi wodetsedwa. Chachitatu, mzere wautali wodutsa chithunzi chonse, umene ndi setilaiti kapena ndege. Chachinayi, kadontho ka buluu kokhala pa mkono wa mlalang'amba waukulu. Kameneko ndi malo obadwira nyenyezi a mlalang'amba womwewo, amene kompyuta yawayesa chinthu chapachokha. Chachisanu, zinthu ziwiri zogundana, chofiira ndi chabuluu, zoyezedwa ngati chimodzi.

Musafulumire kutaya zonse zosamveka. Mu 2007 mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, akuona zithunzi pa Galaxy Zoo, anafunsa za kachinthu ka buluu kopanda maonekedwe enieni pafupi ndi mlalang'amba wa IC 2497. Wina akanati ndi dothi la pa chithunzi. Unali mtambo waukulu wa mpweya wowalitsidwa ndi quasar imene inazilala, ndipo lero umatchedwa Hanny's Voorwerp. Njira yosiyanitsira ndi imodzi: chenicheni chimaonekanso pamalo omwewo pa chithunzi china, cha telesikopu ina, cha tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa chinthu chilichonse lembani m'kope chilembo chimodzi ndi chifukwa chake. A ndi choyera ndi chotsimikizika, B ndi chokayikitsa, C n'chotaya.

## Sitepe 9: Fufuzani ngati ena anakutsogolerani

Ikani malo a chinthu mu SIMBAD, mu NED ndi mu SpecObj. Ngati spectrum ilipo kale ndipo ndi yabwino, chichotseni. Chosiyana ndi pamene kuwala kwasintha kwambiri kuchokera nthawi imene chinapimidwa. SDSS J0159+0033, ya mu Stripe 82, inali quasar yooneka bwino pa spectrum ya 2000, koma pa ya 2010 mizere yake yotakata inali itafooka kwambiri, ndipo Stephanie LaMassa ndi anzake analengeza zimenezi mu 2015. Chinthu chotere chimayenera kupimidwanso.

## Sitepe 10: Yesani malamulo anu

Tengani zinthu za mtundu umene mukufuna zimene zinatsimikizika kale m'dera lanu, muzidutsitse m'malamulo anu, muwerenge zimene zapulumuka. Zikachepa, malire athina. Kenako pa zonse zimene malamulo atola, onani zokhala ndi spectrum kale, muwerenge zimene zilidi za mtundu womwe mukufunawo. Zikachepa, malire atayirira. Mukakonza mbali imodzi inayo imapendama, ndipo muyenera kusankha nokha pomwe muime. Malamulo a SDSS a ma quasar, amene Gordon Richards ndi anzake anafalitsa mu 2002, ankalondola pafupifupi ziwiri pa zitatu zilizonse. Ngati nthawi yanu ya telesikopu ndi maola ochepa, thinitsani malire.

## Sitepe 11: Ikani m'ndondomeko yoonera

Sanjani za A potengera kufunika, kenako potengera kuwala. Chinthu chofooka ndi magnitude imodzi chimadya nthawi yochuluka kangapo, choncho chimodzi cha pa 21 chikhoza kumeza usiku umene mukanapimira zowala zambiri.

Onani nyengo. Chinthu cha pa RA 0h chimafika pamwamba pakati pa usiku chakumapeto kwa Seputembala, ndipo mwezi uliwonse mumawonjezera maola awiri. Stripe 82 tsono ndi ya miyezi ya Ogasiti mpaka Disembala. Zofooka ndi za buluu zimafuna usiku wopanda mwezi.

Ngati makina ndi a mafaiba ambiri, awiri sangayandikane mopitirira malire. Pa mbale zoyamba za SDSS malirewo anali ma arcsecond 55, ndipo pa za BOSS, gawo lotsatira la SDSS, za mabowo 1000, anali 62. Masiku ano DESI ya ku Kitt Peak ili ndi maloboti 5000 osuntha mafaiba, koma lililonse lili ndi kadera kake komwe limalekeza. Zinthu ziwiri zikalimbirana malo, nenani inu chimene chitsogole. Siyaninso mafaiba a thambo lopanda kanthu ndi a nyenyezi zoyezera. Pa mabowo 640 aja, 32 ankaloza pa mdima wokhawokha, kuti kuwala kwa mlengalenga kudzachotsedwe.

Sungani kagawo kakang'ono ka zinthu zoyera bwino, zooneka pa zithunzi ziwiri, koma zosalowa m'gulu lililonse. SDSS inali ndi gulu lotere, lotchedwa serendipity, limene linkapatsidwa mafaiba otsala. Ndimaona kuti n'koyenera kutengera chitsanzo chimenechi ngakhale mndandanda wanu ukhale waufupi.

## Zolakwa zofala

Kusintha malire osalemba. Lero u−g ndi 0.6, mawa 0.7, mkuja mwawonjezera zitatu pamanja chifukwa zakusangalatsani. Pamapeto simungathe kunena kuti zinthu zotere zilipo zingati kuthambo, chifukwa simukudziwanso mmene zinalowera. Sungani SQL iliyonse ndi tsiku lake, ndipo zosankha pamanja zikhale ndi danga lawolawo.

Kukhulupirira type mopitirira. Pa zinthu zofooka kompyuta imasokoneza kadontho ndi chotambasuka. Quasar yapafupi imene mlalang'amba wake ukuoneka imalembedwa 3, pomwe kamlalang'amba kothinana kamalembedwa 6.

Kukhulupirira dzina limene kompyuta yapatsa spectrum. Onani danga la zWarning. Likakhala losiyana ndi ziro, tsegulani spectrum muione nokha. Zinthu zachilendo ndi zimene kompyuta imazilakwitsa kwambiri, chifukwa imazifanizira ndi zitsanzo za zinthu wamba.

Kuiwala kukula kwa faiba. Ya SDSS yoyamba inkatenga ma arcsecond 3 okha, ya BOSS 2. Pa mlalang'amba waukulu kumeneko ndi pakatikati pokha. Ngati chachilendo chili kumkono, perekani malo a kumkonoko, osati a pakati.

Kufufuta za C. Zisungeni m'tebulo lina pamodzi ndi zifukwa zake. Zikachuluka za chifukwa chimodzi, zikukuuzani lamulo limene likusowa mu SQL yanu.

Kutaya chizindikiro cha minus. Izi zimachitika kwambiri mu Stripe 82. Declination ya −0.5 ikasinthidwa kukhala madigiri, maminiti ndi masekondi iyenera kukhala −00:30:00, koma mapulogalamu ena, makamaka a matebulo a muofesi, amaona ziro n'kutaya minus uja. Telesikopu imakaloza digiri yathunthu kumpoto kwa chinthu chanu. Musanatumize mndandanda, tengani malo monga mwawalembera m'fayilo yomalizayo, muwaike mu Aladin chimodzichimodzi, muone ngati mtanda wagwera pa chinthu chomwe chija. Sindikizani kachithunzi ka dera lililonse, kumpoto kuli pamwamba ndi kum'mawa kumanzere, muzungulize chinthucho ndi cholembera, kuti woyendetsa telesikopu usiku umenewo asakaloze choyandikana nacho.